Kubweza kompyuta mmene inachokera kufakitale mutaikamo Windows ina mwangozi

Munthu amangofuna kukonza kavuto kakang'ono. Wasomeka fulashi ya Windows, wadina Next kangapo osawerenga, pofika madzulo kompyuta yayaka ngati ya eni. Mapulogalamu amene inabwera nawo palibe, masipika ali chete, intaneti sikulowa, zithunzi pa sikirini zatambasuka, ndipo mafayilo a zaka zambiri sakuoneka. Ena zimawachitikira poyesa kuika Linux pambali pa Windows, n'kusankha mzere wofufuta disiki yonse.

Kompyuta yotere imabwerera, koma ntchito yake ili ndi dongosolo lomwe silifuna kudumphidwa. Pano tikukamba makamaka za kompyuta yapadesiki, ya bokosi, osati laputopu. Yambani ndi mafayilo, kenako fufuzani zimene zatsala pa disiki, kubweza Windows ya kufakitale kubwere pamapeto. Ndikutero chifukwa njira zonse zobwezera kompyuta mmene inalili pogulidwa zimafufuta disiki. Amene amathamangira kubweza Windows tsiku lomwelo ndi amene amataya zithunzi ndi makalata zomwe zikanapulumuka.

Timvetsetsane kaye pa chimene tikubwezacho. Kampani ngati HP, Dell, Lenovo, Acer kapena ASUS simangoika Windows yokha. Imawonjezera ma driver (timapulogalamu tothandiza Windows kuyendetsa zipangizo za m'kompyutayo), mapulogalamu ake oyezera zovuta, ndi makonzedwe ena. Zonsezi pamodzi ndiye Windows ya kufakitale. Imapezeka malo awiri: pa disiki yanu ngati sinafufutidwe, kapena kwa kampani imene inapanga kompyutayo.

Choyamba, lekani kulemba pa disiki

Musaike pulogalamu iliyonse, musadawunilode kanthu, ngakhale msakatuli womwe. Chilichonse chatsopano chimakakhala pamalo pamene panali mafayilo anu.

Tsegulani File Explorer, lowani mu This PC, kenako mu disiki C. Yang'anani ngati muli foda yotchedwa Windows.old. Ikapezeka, pumani kaye, zinthu zili bwino. Zikutanthauza kuti Windows yatsopano inaikidwa pamwamba pa yakale popanda kufomata, ndipo yakaleyo inangokankhidwira pambali. Lowani mu Windows.old, kenako Users, kenako foda ya dzina lanu. Mupezamo Desktop, Documents, Pictures, Downloads ndi zina monga munazisiyira. Koperani zonse pa disiki yakunja lero lomwe, chifukwa Windows imatha kuifufuta yokha foda imeneyi pakapita masiku 10, ndipo Disk Cleanup kapena Storage Sense zikhoza kuichotsa nthawi isanakwane.

Pali foda ina imene ambiri amaiiwala chifukwa ndi yobisika. Pa View sankhani kuti zobisika zioneke, ndipo mudzaona AppData. Mmenemo ndi mmene mumakhala masamba amene munasunga mu Chrome kapena Firefox, maimelo a Thunderbird, ndi makonzedwe a mapulogalamu ambiri. Ikopereni yonse, mudzasankha bwino pambuyo pake. Ngati munkagwiritsa ntchito akaunti ya Microsoft, lowaninso mu OneDrive, malo a Microsoft osungira mafayilo pa intaneti, pa foni kapena pa kompyuta ina, chifukwa nthawi zambiri Desktop ndi Documents zimakhala zinkakwera kumeneko mwiniwake osadziwa.

Windows.old ikasowa, ndiye kuti disiki inafomatidwa. Zimitsani kompyuta. Apa mwayi wanu umadalira mtundu wa disiki. Pa hadi disiki yozungulira, kufomata mwachangu kumangochotsa mndandanda wa mafayilo, eniakewo amatsala mpaka china chitalembedwa pamalo pawo. Windows yatsopano yadya kale malo ena, koma zambiri zikhoza kupezeka. Chotsani disikiyo, ilumikizeni ku kompyuta ina ngati disiki yachiwiri, n'kuisanthula ndi pulogalamu yopulumutsira mafayilo monga PhotoRec, TestDisk kapena Recuva. Zimene mwapeza zisungeni pa disiki ina, osati pa yomwe mukuisanthulayo. TestDisk imatha kubweza chigawo chathunthu cha disiki ngati chinangofufutidwa osalembedwapo kanthu. PhotoRec imatola mafayilo okha, opanda mayina awo akale, ndiye konzekani kukhala pansi n'kumatsegula imodziimodzi.

Pa SSD, disiki yamakono yopanda chozungulira mkati, nkhani ndi yowawa. Pali lamulo lotchedwa TRIM limene Windows imatumiza ku SSD kuiuza malo amene sakufunikanso, ndipo SSD imawayeretsa yokha. Kawirikawiri mafayilo a pa SSD yofomatidwa sabwerera. Yesani ndithu, koma musalipire ndalama zambiri pulogalamu imene ikulonjeza zodabwitsa. Chimodzimodzinso ngati disiki yakale inali yotsekedwa ndi BitLocker, chida cha Windows chobisa zolembedwa pa disiki: popanda nambala yake ya manambala 48, zomwe zatsala siziwerengeka. Nambalayo imasungidwa mu akaunti ya Microsoft, kapena kwa oyang'anira makompyuta ngati kompyuta ndi ya kuntchito.

Ngati mafayilo otayikawo ndi oti moyo wanu kapena ntchito yanu yatsamira pamenepo, langizo langa ndi loti disiki yakaleyo muiike padera osaikhudza, mugule ina yoti muikepo Windows. Disiki imagulidwa, zithunzi za ana ali aang'ono sizigulidwa.

Dziwani kompyuta yanu ndi layisensi yake

Pambali, kumbuyo kapena pansi pa bokosi la kompyuta pamakhala kapepala komatidwa. Jambulani ndi foni. Pa Dell mufuna Service Tag, ya zilembo ndi manambala 7. Pa HP mufuna serial number ndi product number. Pa Lenovo, serial number ndi machine type. Kapepalako kakafufutika, dinani Start ndi batani lakumanja la mausi, tsegulani Terminal kapena PowerShell, n'kulemba:

Get-CimInstance Win32_BIOS | select SerialNumber

Za layisensi musade nkhawa kwambiri. Kuyambira pa Windows 8, yomwe inatuluka mu 2012, makampani akuluakulu amalemba kiyi ya Windows mu BIOS, pulogalamu yoyatsira kompyuta yokhala pa bolodi osati pa disiki, choncho kufomata sikuikhudza. Kuti muione, lembani pomwepo:

Get-CimInstance SoftwareLicensingService | select OA3x*

Mudzaona kiyi ya zilembo ndi manambala 25, komanso mzere wofotokoza mtundu wake. Pakalembedwa Core, ndiye kuti kompyuta inabwera ndi Windows Home. Pakalembedwa Professional, ndi Pro. Zilembeni papepala. Ngati Windows yoikidwa mwangoziyo ikudandaula kuti sinatsimikizidwe, nthawi zambiri chifukwa chake chimakhala chomwechi: munthu waika Pro pa kompyuta ya layisensi ya Home. Makompyuta a nthawi ya Windows 7 kiyi yawo imakhala pa kapepala konyezimira komatidwa pa bokosi.

Ngati kompyuta yanu inachita kulumikizidwa ndi munthu, bolodi yogula payokha, bokosi lapadera, ndiye kuti ilibe Windows ya kufakitale. Pitani molunjika ku gawo la kuika ndi manja lili kumunsiku.

Onani zimene zatsala pa disiki

Dinani batani la Windows pamodzi ndi X, sankhani Disk Management. Kumunsi kwa windo mudzaona Disk 0 itajambulidwa ngati mzere wautali wogawidwa m'zigawo. Apa ingoyang'anani, musafufute kapena kusintha kanthu.

Kachigawo kakang'ono ka EFI, ka pakati pa 100 MB ndi mazana angapo, n'koyatsira kompyuta. Chigawo chachikulu ndi C. Kenako pamakhala china cholembedwa Recovery Partition, ndipo apa ndi pamene anthu amasokonezeka. Chikakhala cha 500 MB mpaka pafupifupi 1 GB, chimenecho ndi cha Windows yatsopano yomwe, muli zida zokonzera basi, mulibe Windows ya kufakitale. Chimene mukusaka ndi chigawo cha magigabaiti angapo, nthawi zambiri 10 kapena kuposa, chokhala ndi dzina ngati RECOVERY, Image kapena dzina la kampani. Pa Dell mukhozanso kuona china chotchedwa DELLSUPPORT. Mukaona zoterezi, mwayi ulipo. Mukangoona zigawo zitatu, EFI, C ndi ka Recovery kakang'ono, ndiye kuti disiki inasesedwa yonse ndipo muyenera kukatenga kwa kampani.

Zigawo za kampani zikakhalapo, yesani kuzidzutsa. Zimitsani kompyuta, zulani fulashi ya Windows ija, yatsaninso, ndipo chizindikiro cha kampani chisanaoneke yambani kudina batani loyenera mobwerezabwereza. Pa HP ndi Lenovo ndi F11. Pa Acer gwirani Alt n'kumadina F10. Pa ASUS ndi F9. Pa Dell dinani F12 n'kusankha SupportAssist OS Recovery pamndandanda. Gwiritsani kiyibodi ya chingwe. Ya Bluetooth nthawi zambiri imadzuka Windows itayamba kale, ndiye mumangodina pachabe.

Ikatseguka pulogalamu yokhala ndi dzina la kampani, yofunsa za System Recovery kapena Factory Image Restore, mwafika. Ikangotseguka sikirini yabuluu ya Choose an option, lowani mu Troubleshoot muone ngati muli dzina la kampani, monga Recovery Manager. Mukapanda kuliona, ndiye kuti chigawocho chilipo koma Windows yatsopano inadula njira yofikirako. Pali akatswiri amene amatha kuilumikizanso ndi malamulo olemba, koma kwa munthu wamba kudawuniloda kwa kampani n'kosavuta komanso n'kodalirika.

Reset this PC siimachita zimene dzina lake likulonjeza

Apa ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa ndi pamene anthu amatayira tsiku lathunthu. Mu Settings muli Reset this PC: pa Windows 11 ili pa System kenako Recovery, pa Windows 10 ili pa Update & Security kenako Recovery. Anthu amaganiza kuti akaidina kompyuta ibwerera mmene anaigulira. Pa kompyuta imene sinakhudzidwe zimatheka ndithu. Pa yanu, mwina ayi.

Kuyambira pa Windows 10, Reset simatenga kope la kufakitale losungidwa padera. Imamanganso Windows kuchokera ku mafayilo a Windows imene ilipo panopa, kenako n'kuwonjezera zinthu za kampani zimene zinasungidwa mu foda yobisika ya Recovery pa disiki C. Disiki C ikafomatidwa, zinthu za kampanizo zimapita nayo. Ndiye Reset imangochapa Windows yolakwika ija n'kukubwezerani yomweyo, ilibe ma driver, ilibe mapulogalamu a kampani, ndipo ngati inali Pro ikhalabe Pro. Ngakhale kusankha Cloud download sikusintha kanthu pamenepa, chifukwa zimene imadawuniloda zimachokera ku Microsoft, osati ku HP kapena Dell. Makampani nawonso anatsatira njira yatsopanoyi: HP, mwachitsanzo, inasiya kuika Recovery Manager m'makompyuta ake kuyambira mu 2018.

Pali njira yodziwira musanawononge nthawi. Yambani Reset, sankhani Keep my files, kenako Local reinstall, ndipo pa tsamba la Additional settings dinani Change settings. Mukaonapo funso lakuti Restore preinstalled apps, ndiye kuti zinthu za kampani zinapulumuka, liyankheni kuti Yes n'kupitiriza. Funso limeneli likasowa, dinani Cancel.

Kutenga Windows ya kufakitale kwa kampani

Mufunika kompyuta ina ya Windows yomwe ikuyenda bwino, intaneti yokhazikika, ndi fulashi yopanda kanthu. Ya 32 GB imakwanira pa zida zonse zimene nditchule. Zonse zili pa fulashiyo zifufutika.

Dell ili ndi Dell OS Recovery Tool. Mumalemba Service Tag, imakuonetsani Windows imene kompyutayo inachoka nayo kufakitale, n'kuikopera pa fulashi ya 16 GB kapena kuposa. Makompyuta ena atsopano a Dell alinso ndi BIOSConnect, imene imadzitengera yokha pa intaneti ngakhale disiki ilibe kanthu, ndipo chingwe cha intaneti chimathandiza kuposa WiFi. HP ili ndi HP Cloud Recovery Tool, imene imafuna product number ndi fulashi ya 32 GB. Ku Lenovo mumalowa patsamba lawo la chithandizo, kulemba serial number, kuitanitsa Recovery Media ndi akaunti ya Lenovo ID, kenako pulogalamu ya Lenovo USB Recovery Creator ndi imene imapanga fulashi. ASUS inaika Cloud Recovery mu BIOS ya makompyuta ake ena. Ku Acer yambani ndi tsamba lawo la chithandizo, chifukwa njira imasiyana kutengera dziko ndi mtundu wa kompyuta.

Zonsezi zitengeni pa tsamba lenileni la kampani. Makope a Windows opezeka m'masamba osadziwika akhoza kubwera ndi mavairasi ataikidwiratu mkati, ndipo simungawaone.

Fulashi ikakonzeka, chitani chinthu chimodzi chimene mwini laputopu sangachite mosavuta koma inu mungathe. Zimitsani kompyuta, zulani chingwe chamagetsi, gwirani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti mphamvu yotsalira ithe, tsegulani chivindikiro cham'mbali. Ngati muli madisiki awiri kapena kuposa, zulani kachingwe ka SATA, kopyapyala kaja, pa disiki iliyonse imene simukufuna kuti ikhudzidwe. Musanagwire zamkati, khudzani chitsulo cha bokosi. Mapulogalamu ena obwezera safunsa disiki yoti afufute, amangotenga yoyamba imene aiona. Disiki yosalumikizidwa siingafufutidwe, ngakhale mudine molakwa. Zulaninso pirinta ndi madisiki akunja, pangotsala kiyibodi, mausi, sikirini ndi fulashi.

Somekani fulashi kumbuyo kwa bokosi, pa mabowo a pa bolodi, chifukwa akutsogolo nthawi zina amadukiza. Yatsani n'kutsegula mndandanda wosankhira poyambira: F9 pa HP, F12 pa Dell, Lenovo ndi Acer, F8 pa ASUS. Sankhani dzina la fulashi lomwe lili ndi mawu akuti UEFI. Tsatirani zimene ikufunsa, vomerezani kuti disiki ifufutidwe, kenako isiyeni. Imatenga nthawi, mwina ola kapena awiri, imazima n'kudziyatsa kangapo, ndipo pena sikirini imada kwa mphindi zingapo kapena kuonetsa mawindo akuda akutseguka okha. Musaizimitse. Ngati magetsi kwanuko sadalirika, gwiritsani UPS, batire yosunga kompyuta yoyaka magetsi akathima. Magetsi akathima pakati pa ntchito, ingoyambiraninso pa fulashi. Mwamaliza mukaona tsamba lofunsa dziko ndi chinenero, monga linaonekera tsiku loyamba.

Kampani ikakhala kuti ilibe kope la kompyuta yanu

Makompyuta akale amachotsedwa pamndandanda, ndipo olumikiza pamanja sanakhalepo n'komwe. Musataye mtima. Mungathe kumanga nokha chinthu chofanana kwambiri, ndipo kunena zoona nthawi zambiri chimayenda mopepuka kuposa cha kufakitale.

Pa kompyuta ina, tengani Media Creation Tool patsamba la Microsoft n'kupanga fulashi ya 8 GB kapena kuposa. Musanachokepo, lowani patsamba la kampani ya kompyuta yanu, kapena la bolodi ngati ndi yolumikiza, mudawunilode driver wa netiweki, wa chipset (tizipangizo tolumikiza zonse pa bolodi) ndi wa disiki, muwaike pa fulashi ina. Yatsani kompyuta kudzera pa fulashi ya Windows. Kiyi ikakhala mu BIOS, kawirikawiri Windows imaiwerenga yokha osakufunsani. Ikafunsa, sankhani I don't have a product key, kenako mtundu umene munalemba papepala uja, Home kapena Pro. Pa tsamba la zigawo, ngati mwatsimikiza kuti mafayilo apulumutsidwa ndipo zigawo za kampani palibe, fufutani zigawo zonse za Disk 0 mpaka patsale Unallocated Space, n'kudina Next. Windows idzagawa yokha.

Tsamba limenelo likakhala lopanda disiki ngakhale imodzi, sikuti disiki yafa. Makompyuta ambiri a Intel amafuna driver wa Intel Rapid Storage Technology kuti SSD ioneke. Dinani Load driver n'kuloza pamene munamusunga.

Windows ikayaka, ikani driver wa chipset, kenako wa netiweki, wa zithunzi, wa mawu. Ngati intaneti sikulowabe, lumikizani foni ndi chingwe n'kuyatsa USB tethering, Windows Update ipeza ma driver ambiri yokha. Kenako tsegulani Device Manager. Chipangizo chilichonse chokhala ndi kachizindikiro kachikasu chikusowa driver. Chikakhala chopanda dzina, dinani kawiri, pitani pa Details, sankhani Hardware Ids. Mudzaona mzere wokhala ndi VEN ndi DEV. Zilembo zinayi zotsatira VEN zimatchula wopanga: 8086 ndi Intel, 10EC ndi Realtek, 10DE ndi NVIDIA, 1002 ndi AMD. Ndi zimenezo mudziwa driver woti mukasake patsamba la kampani. Mapulogalamu olonjeza kupeza ma driver onse pa kudina kamodzi apeweni. M'malo mwake ikani ya kampani yanu: HP Support Assistant, Dell SupportAssist, Lenovo Vantage kapena MyASUS.

Ikabwerera

Windows ya kufakitale ndi ya chaka chimene kompyuta inapangidwa, choncho ili m'mbuyo pa chitetezo. Yendetsani Windows Update mobwereza mpaka inene kuti palibe chotsala, musanalowe mu imelo kapena ku banki. Onani pa Activation kuti layisensi yatsimikizika. Office imene inabwera ndi kompyuta, ngati munaitsegulira kale, inamangidwa ku akaunti ya Microsoft imene munagwiritsa ntchito tsikulo, ndiye lowani ndi akaunti yomweyo kuti muiikenso. Antivayirasi yoyesera imene imabwera ndi makompyuta ambiri ichotseni ngati simudzalipira, Microsoft Defender idzayamba yokha kugwira ntchito. Mukatero zimitsani, bwezerani zingwe za madisiki aja, n'kukopera mafayilo anu.

Ganiziraninso ngati Windows ya kufakitaleyo ikadali yoyenera kukhala nayo. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 7 pa 14 Januware 2020, Windows 8.1 pa 10 Januware 2023, ndipo Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Ngati kompyuta ili ndi TPM 2.0 (kachipangizo kachitetezo), RAM ya 4 GB kapena kuposa, disiki yosachepera 64 GB ndi purosesa yovomerezeka, ikwezeni ku Windows 11, layisensi yeniyeni ya Windows 10 imapitirira kugwira ntchito. Pulogalamu ya PC Health Check imakuuzani ngati ikukwanira. Kompyuta imene ingathe Windows 7 kapena 8.1 yokha sindingakulimbikitseni kuilowetsa pa intaneti. Bola kuikamo Linux Mint kapena Ubuntu, ulendo uno mwadala.

Chomaliza, pamene zonse zikadali zaukhondo, lembani Recovery Drive pa Start n'kutsegula. Siyani chochonga pa Back up system files to the recovery drive, somekani fulashi ya 32 GB, idikireni imalize. Fulashi imeneyi imatenga Windows, ma driver ndi zinthu za kampani, koma siitenga mafayilo anu, amenewo amafuna disiki yawoyawo. Ilembeni dzina la kompyuta ndi tsiku, isungidwe kutali ndi mafulashi ogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo muziipanganso kamodzi pachaka kuti izikhala ndi zosintha zatsopano.